DZULO, LERO NDI MAWA M'CHINGEREZI



Malembo tawadziwa. Maina athu tikulemba tokha. Chinyanja tikuwerenga, ndipo Chipwitikizi nachonso tachiyamba. Lero titenga phunziro lina. Tiona m'mene aneni a Chingerezi amasonyezera nthawi.

Wina afunsa kuti, "Nanga Chingerezi tichita nacho chiyani ife a ku Mozambique?"

Tiyeni tione mapu. Dziko lathu lachita malire ndi maiko 6: Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini. M'maiko onsewa Chingerezi chimagwira ntchito m'masukulu ndi m'maofesi. Ife a m'chigawo cha Tete tikamapita ku Malawi timadzera pa Zóbuè kapena pa Calómuè. Ku Zambia timadzera pa Cassacatiza. Ku Zimbabwe timadzera pa Cuchamano. Tikangodutsa malire, mapepala ndi zikwangwani zimakhala za m'Chingerezi. Makolo athu ambiri anagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa ndi m'minda ya ku Zimbabwe. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, anthu ambirimbiri anathawira ku Malawi, ndipo ana awo anaphunzira sukulu kumeneko. Mu 1995 dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth, limene maiko ake ambiri amagwiritsa ntchito Chingerezi. Tsono Chingerezi chili pafupi nafe. Chili pa botolo la mankhwala, pa lisiti, ndi m'mauthenga a abale athu okhala kunja.

ULENDO WOPITA PACHABE

M'gulu lathu lophunzira muli amayi ena achikulire. Mwana wawo amagwira ntchito ku Johannesburg. Mdzukulu wawo anabadwira komweko, ndipo amalemba Chingerezi chokha. Tsiku lina amayiwo analandira uthenga pa foni. Anaitana mnyamata wa pafupi kuti awawerengere. Mnyamatayo anazindikira mawu awiri, "send" ndi "money", kutanthauza kutumiza ndi ndalama. Pomwepo anati, "Agogo, ndalama zatumizidwa."

Amayiwo anabwereka ndalama zoyendera, nakwera galimoto mpaka ku Ulónguè. Kumeneko sanapeze kanthu. Anabwerera kumudzi madzulo, ali ndi njala ndiponso ngongole.

M'mawa mwake anabwera nawo uthengawo ku phunziro. Tinaulemba pa bolodi:

Father will send the money on Friday.

Tanthauzo lake ndi ili: Bambo adzatumiza ndalama Lachisanu. Mnyamata uja sananame dala. Iye analumpha kamawu kakuti "will", kamene kamasonyeza kuti chinthucho sichinachitike ayi. Ndalama zikanakhala zitatumizidwa kale, mdzukuluyo akanalemba kuti: Father sent the money.

Taonani. Kudziwa tanthauzo la mneni sikukwanira. Tiyenera kudziwanso nthawi yake.

TIYAMBE NDI CHINENERO CHATHU

Mneni ndi mawu onena zochitika: kulima, kudya, kugula, kutumiza. Tiyeni titenge mneni wakuti kulima.

Ndikulima.
Ndimalima.
Ndalima.
Ndinalima.
Ndidzalima.

Tsinde lakuti "lima" silinasinthe ngakhale kamodzi. Chimene chasintha ndi kachizindikiro kokhala patsogolo pa tsinde: ku, ma, a, na, dza. Kachizindikiro kameneka ndiko kamatiuza nthawi. Tikadziwa tizizindikiro timeneti, tikhoza kutiika pa kugula, pa kuphika, pa kuwerenga, ndipo sitilakwa.

Chingerezi chili ndi njira zake zitatu. Nthawi zina chimaika kamawu kothandiza patsogolo pa mneni. Nthawi zina chimawonjezera malembo kumapeto kwa mneni. Ndipo nthawi zina chimasintha mneni yemweyo mpaka kuoneka ngati wina. Njira yachitatuyi ndiyo imatisokoneza, pakuti si chizolowezi cha chinenero chathu.

NTHAWI ZISANU ZOFUNIKA

Mabuku a sukulu amatchula nthawi 12 za aneni a Chingerezi. Tisachite mantha. Pa ntchito zathu za tsiku ndi tsiku, zisanu izi ndizo zoyamba. Titenge mneni "work", kugwira ntchito.

I am working. Ndikugwira ntchito.
I work. Ndimagwira ntchito.
I have worked. Ndagwira ntchito.
I worked. Ndinagwira ntchito.
I will work. Ndidzagwira ntchito.

Tiyerekeze ndi Chinyanja. Pamene ife timaika "ku", iwo amaika "am", "is" kapena "are", nawonjezera "ing" kumapeto. Pamene ife timaika "dza", iwo amaika "will". Pamene ife timaika "na", iwo amawonjezera "ed" kumapeto. Pamene ife timati "ndagwira", iwo amaika "have" kapena "has".

Pa nthawi ya "ma" pali kanthu kamodzi koiwalika. Tikamanena za munthu wina mmodzi, mneni amalandira "s". I work, koma she works. I sell, koma he sells.

Tichenjere ndi kusiyana kwa "ndadya" ndi "ndinadya". Mlendo akafika, timamufunsa kuti, "Mwadya?" Iye amayankha kuti, "Ndadya." Ndiye kuti chakudyacho chikadali m'mimba. Chingerezi chake ndi ichi: I have eaten. Koma tikatchula tsiku limene linapita, timati, "Dzulo ndinadya nsomba." Chingerezi chake: Yesterday I ate fish. M'Chingerezi ndi kulakwa kunena "have eaten" pamodzi ndi "yesterday".

Anzathu odziwa Chipwitikizi, pano pali msampha. "Tenho comido" akuoneka ngati "I have eaten", koma si chimodzimodzi. "Tenho comido" amanena za chinthu chimene chakhala chikuchitika mobwerezabwereza masiku ano. "I have eaten" afanana ndi "já comi". Pamenepa Chinyanja chimatithandiza kuposa Chipwitikizi. Tiganize "ndadya", ndipo sitiphonya.

ANENI OTSATA LAMULO

Aneni ambiri a Chingerezi amatsata lamulo limodzi. Pa nthawi yakale timawonjezera "ed".

work, worked: kugwira ntchito
plant, planted: kubzala
cook, cooked: kuphika
wash, washed: kuchapa
open, opened: kutsekula

Kalembedwe ndi kamodzi, koma katchulidwe kali patatu. Mu "worked" ndi "cooked" timamva "t" kumapeto. Mu "opened" ndi "played" timamva "d". Mu "planted" ndi "wanted" timamva "id". Ife timakonda kutsiriza mawu aliwonse ndi a, e, i, o kapena u, chifukwa ndi m'mene Chinyanja chilili. Chotero timati "kukedi". Tiyesetse kutseka pakamwa msanga: "kukt".

Mneni watsopano akalowa m'Chingerezi, amatsata lamulo limeneli. Mafoni atabwera, anthu anayamba kunena kuti "phoned", kutanthauza anaimba foni.

ANENI OSATSATA LAMULO

Tsono pali aneni ena pafupifupi 200 amene salandira "ed". Tikanakonda kuwasiya, koma sitingathe. Aneni amene amamveka kawirikawiri koposa ali m'gulu limeneli: be, have, do, say, get, make, go, know, take, see. Munthu sangalankhule Chingerezi mphindi imodzi osagundana nawo.

Mneni aliyense wotere ali ndi nkhope zitatu. Titenge "eat", kudya.

Nkhope yoyamba: eat. I eat, ndimadya. I will eat, ndidzadya.
Nkhope yachiwiri: ate. I ate, ndinadya.
Nkhope yachitatu: eaten. I have eaten, ndadya.

Nkhope yachiwiri imaima yokha. Nkhope yachitatu imayenda ndi mnzake, monga "have", "has", "is" kapena "was".

Nkhope yachitatuyi ndiyo timaiona pa mapepala. Pa lisiti amadinda kuti PAID, zalipidwa. Pa katundu amalemba kuti SOLD, wagulitsidwa. Pa khasu kapena pa wailesi timaona "made in", kutanthauza chinapangidwa ku dziko lakutilakuti. Pa mankhwala timaona "to be taken", kutanthauza oyenera kumwedwa. Munthu wodziwa "pay", "sell", "make" ndi "take" okha, osadziwa nkhope zawo zina, adzayang'ana mawu amenewa osawazindikira.

KODI ZINAYAMBA BWANJI?

Aneni amenewa sanapangidwe kuti ativute. Iwo ndi otsala a Chingerezi chakale. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, aneni ambiri a Chingerezi ankasonyeza nthawi posintha liwu la pakati, monga sing, sang, sung. Chijeremani nachonso chimatero mpaka lero, pakuti zinenero ziwirizi ndi zapachibale. Katswiri wa zinenero wa ku Germany, Jacob Grimm, amene anayamba kufalitsa buku lake la malamulo a chinenero mu 1819, anawatcha aneni otere "amphamvu", chifukwa amasintha okha mkati popanda kuwonjezera kanthu. Olandira "ed" anawatcha "ofooka".

M'kupita kwa zaka, ofookawo ndiwo anachuluka. Mneni "help", kuthandiza, kale nthawi yake yapita inali "holp". Lero aliyense amati "helped". Mu 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard ku America anatsata aneni 177 amene sankatsata lamulo m'Chingerezi chakale. Anapeza kuti 98 okha ndiwo atsala osatsata lamulo. Anapezanso kuti mneni wosatchulidwa kawirikawiri ndiye amagonjera lamulo msanga.

Chifukwa chake ndi chomveka. Njira yopita kuchitsime simera udzu, pakuti anthu amaiponda tsiku lililonse. Njira yopita kumunda wosiyidwa imatsekeka. Mwana wa ku England amamva "went" ndi "saw" kambirimbiri pa tsiku, ndiye sangaiwale. Koma mawu omveka kamodzi pa chaka amaiwalika, ndipo anthu amangoikapo "ed".

Mneni "go", kupita, ali ndi mbiri yakeyake. Nkhope yake yachiwiri ndi "went", imene sifanana konse ndi "go". Kale "went" anali wa mneni wina, "wend", wotanthauza kutembenuka kapena kulowera kwina. Anthu anamubwereka, ndipo sanamubwezenso.

Tisadabwe, pakuti ifenso timachita zomwezo. Timati "ndili bwino". Timati "ndinali bwino". Koma za mawa sitinena kuti "ndidzali". Timati "ndidzakhala bwino". Tabwereka mneni wina, kukhala, kuti atseke mpata. Palibe anatiphunzitsa zimenezi pa bolodi. Tinazimva kwa amayi athu. Chipwitikizi nachonso chili ndi zake: "ir" amasanduka "vou" ndi "fui". Chinenero chilichonse chili ndi aneni ake ouma mutu.

Mneni wosinthasintha koposa onse m'Chingerezi ndi "be", kukhala. Ali ndi nkhope 8: be, am, is, are, was, were, being, been. Pa zakale tigwire ziwiri izi: I was, ndinali. We were, tinali.

TIWAIKE M'MABANJA

Kuloweza aneni 200 motsata a, b, c ndi ntchito yotopetsa. Ife a m'brigada tapeza kuti ndi bwino kuwaika m'mabanja. Abale amafanana nkhope. Ukadziwa mmodzi, ena suvutika nawo.

Banja loyamba: osasintha konse.
cut, cut, cut: kudula
put, put, put: kuika
shut, shut, shut: kutseka
hit, hit, hit: kumenya

Banja lachiwiri: "d" asanduka "t".
send, sent, sent: kutumiza
lend, lent, lent: kubwereketsa
spend, spent, spent: kugwiritsa ntchito ndalama
build, built, built: kumanga

Banja lachitatu: liwu lalitali lifupika.
keep, kept, kept: kusunga
sleep, slept, slept: kugona
meet, met, met: kukumana
leave, left, left: kuchoka, kusiya

Banja lachinayi: otsiriza ndi "ought" kapena "aught".
buy, bought, bought: kugula
bring, brought, brought: kubweretsa
think, thought, thought: kuganiza
teach, taught, taught: kuphunzitsa
catch, caught, caught: kugwira

M'banja limeneli malembo "gh" satchulidwa. Kale ankatchulidwa ndi liwu la pakhosi. Liwulo linafa, koma malembo anatsala.

Banja lachisanu: i, a, u.
drink, drank, drunk: kumwa
sing, sang, sung: kuimba
begin, began, begun: kuyamba
swim, swam, swum: kusambira

Banja lachisanu ndi chimodzi: "ew" ndi "own".
grow, grew, grown: kukula, kulima mbewu
know, knew, known: kudziwa
throw, threw, thrown: kuponya

Banja lachisanu ndi chiwiri: "o" pakati, "en" kumapeto.
write, wrote, written: kulemba
speak, spoke, spoken: kulankhula
break, broke, broken: kuthyola
steal, stole, stolen: kuba

Otsala awa tiwagwire paokha, pakuti timakumana nawo tsiku ndi tsiku:
go, went, gone: kupita
come, came, come: kubwera
see, saw, seen: kuona
give, gave, given: kupatsa
take, took, taken: kutenga
do, did, done: kuchita
pay, paid, paid: kulipira
sell, sold, sold: kugulitsa
say, said, said: kunena

Pali mmodzi wachinyengo: "read", kuwerenga. Amalembedwa chimodzimodzi pa nkhope zonse zitatu. Koma yoyamba imatchulidwa "riid", ndipo ziwiri zinazo zimatchulidwa "red". Ifenso tili nazo zotere. Tanenani kuti, "Ndimalima chaka chilichonse." Tsono nenani kuti, "Ndimalima pamene mvula inayamba." Malembo a "ndimalima" ndi omwewo, koma mawu akwera ndi kutsika mosiyana, ndipo nthawi yasintha. Diso silingaone kusiyanako, koma khutu limamva.

NTHAWI TIMAIONETSA KAMODZI

Pokana ndi pofunsa za kale, Chingerezi chimaitana kamawu kothandiza kakuti "did". Kamawu kameneka kakafika, kamasenza nthawi yonse, ndipo mneni amabwerera ku nkhope yake yoyamba.

I went. Ndinapita.
I did not go. Sindinapite.
Did you go? Kodi munapita?

He paid. Analipira.
He did not pay. Sanalipire.
Did he pay? Kodi analipira?

Ambiri timalakwa ponena kuti "I did not went". Uku ndi kusenzetsa mtolo umodzi anthu awiri. "Did" wanena kale kuti ndi zakale. Chimodzimodzi pambuyo pa "will" timaika nkhope yoyamba: I will go, I will pay, I will send.

Kulakwa kwina ndi kuika "ed" paliponse: "goed", "buyed", "teached". Wolakwa motere asasekedwe. Ana a ku England nawonso amanena "goed" ali aang'ono. Kulakwa kumeneku kumasonyeza kuti munthu wagwira lamulo. Chatsala ndi kudziwa amene salitsata.

M'MENE TINGAPHUNZIRIRE

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tisathamange.

Choyamba, titenge aneni atatu okha pa tsiku, a banja limodzi. Pa masiku 30 tidzakhala ndi aneni 90.

Chachiwiri, tiwatchule mokweza, nkhope zonse zitatu pamodzi. Amayi ena a m'gulu lathu amawatchula posinja, munsi uliwonse nkhope imodzi: send, sent, sent. Abambo ena amawatchula popalira.

Chachitatu, tisaloweze mawu okhaokha. Mneni aliyense timuike m'ziganizo zitatu zonena za moyo wathu. Every day I sell tomatoes, tsiku lililonse ndimagulitsa matimati. Yesterday I sold tomatoes, dzulo ndinagulitsa matimati. I have sold the tomatoes, ndagulitsa matimati aja.

Chachinayi, tikalandira uthenga kapena pepala la m'Chingerezi, tiyambe tafunafuna mneni. Tikamupeza, tione chimene chili patsogolo pake ndi kumapeto kwake. Kodi pali "will"? Kodi pali "have"? Kodi pali "not"? Tionenso mawu a nthawi: yesterday, dzulo, today, lero, tomorrow, mawa, already, kale.

Chachisanu, tikakayika tifunse. Safunsa anadya phula. Wodziwa athandize mnzake, ndipo ngati mawu ena sakuwadziwa anene poyera kuti sakuwadziwa.

NTCHITO

Lembani m'makope mwanu.

1. Lembani nkhope zitatu za aneni awa: go, buy, send, write, drink, cut.

2. Masulirani m'Chinyanja:
She bought maize.
She will buy maize.
She has bought maize.
She did not buy maize.

3. Konzani ziganizo izi:
I goed to Tete.
We did not saw the doctor.
He have paid.
I have come yesterday.

4. Lembani ziganizo zitatu za m'Chingerezi zonena zimene munachita dzulo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Kodi Chinyanja chimaika kuti chizindikiro cha nthawi? Nanga Chingerezi?
2. Chifukwa chiyani aneni otchulidwa kawirikawiri ndiwo satsata lamulo?
3. Ndani mwa ife anavutikapo chifukwa cha pepala kapena uthenga wa m'Chingerezi? Zinayenda bwanji?
4. Kodi mnyamata wowerenga uthenga uja akanachita chiyani kuti agogo asayende pachabe?

Amayi a m'gulu lathu aja analandiranso uthenga Lachisanu lija litakwana. Ulendo uno sanaitane mnyamata. Anabwera nayo foni ku phunziro, naloza ndi chala mawu amodzi, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, pano pathera t, osati d. Ndiye kuti zatumizidwa?" Tinawerenga tonse pamodzi: Father has sent the money. Tinawauza kuti awerenga bwino. M'mawa mwake anapita ku Ulónguè, ndipo anabwerako ndi ndalama zawo, nabweza ngongole ija.

Mawa aliyense abwere ndi kope ndi pensulo. Amene ali ndi lisiti, botolo la mankhwala kapena thumba lolembedwa m'Chingerezi abwere nalonso. Tidzafunafunamo aneni, ndipo tidzayamba ndi banja lachiwiri.